Msomali wa m'Sitolo ya a Kassimu

Ana inu, ikani kaye mafoniwo pansi. Iwe Amina, dzulo unandifunsa funso ndili pakati pa kutafuna nzimbe, ndipo sindinakuyankhe zoona. Unati, "Agogo, inu munali wojambula zithunzi zaka zonse zija, nanga bwanji m'nyumba muno mulibe chithunzi cha agogo aakazi ali mtsikana?" Ine ndinati chinadyedwa ndi chiswe. Linali bodza, chiswe chindikhululukire, chili kale ndi milandu yake yokwanira. Chithunzicho chilipo, mumachidutsa tsiku lililonse. Koma kuti muchione, muyenera kumva kaye nkhani ya msomali.

Inu kujambula mumakuyesa masewera. Mumajambula mbale ya mpunga, mumajambula mphaka, mumajambula milomo yanu mutaisongola ngati bakha, ndipo chikaipa mumafufuta n'kuyambiranso. Ife tinalibe kufufuta. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36, ndipo chilichonse chinali ndi mwini wake amene wasamba, wadzola, wabwereka nsapato. Ukadina, wadina. Zimene wajambulazo unkadzaziona patapita masiku khumi, filimuyo itapita kukatsukidwa ku Lilongwe m'thumba la kondakitala wa basi yodzera ku Salima. Masiku khumi amenewo wojambula ankayenda mwamatama ngati munthu wosalakwa, chifukwa umboni unali usanafike.

Situdiyo yanga inali kuseri kwa khonde la telala wina pafupi ndi msika wa pa boma. Dzina lokha ndilo linali lalikulu. Chinali chipinda chimodzi chopanda magetsi, chopanda zenera, ndipo nyale yanga inali dzuwa la Mulungu. Ndinazula lata limodzi padenga, n'kumanga nsalu yoyera ya pabedi m'munsi mwa bowolo kuti kuwala kuzitsika kofewa. Ndinkajambula m'mawa basi, anthu akangotha kumwa tiyi mpaka dzuwa lisanafike paliwombo. Likafika paliwombo maso a munthu amalowa m'maenje, ndipo ngakhale mkwati amatuluka ngati wadwala miyezi itatu. Mvula ikagwa ndinkabwezera lata lija n'kukathandiza telala kusoka mabatani.

Fulashi, kanyale kothwanima ka pa kamera, ndinali nayo poyamba. Inamira pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, tsiku limene msodzi wina anaumirira kuti ndimujambule ali m'bwato atanyamula nsomba yaikulu ya mpasa. Mpasayo inali isanafe. Inaphiriphitha kamodzi, msodzi anatsamira kwa ine, bwato linapendekeka, ine ndinakweza kamera m'mwamba ngati khanda, fulashi n'kupita kukawalira ng'ona. Kuyambira pamenepo ndinkauza anthu kuti fulashi imaononga maso.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi mdala wina wa ku Salima. Kamera ili ndi kabowo kolowera kuwala, ndipo pa mphete yake pali manambala. Nambala ikakula kabowo kamachepa, ikachepa kabowo kamakula. Musandifunse chifukwa chake, amene anapanga zimenezo sanali a kuno. Lamulo la mdala uja linali lakuti dzuwa likamaswa mtengo ika pa 16, kukachita mitambo ika pa 8, ukakhala m'nyumba tsegula konse, ugwire mpweya, upemphere. Kachipangizo koyezera kuwala kanalimo m'kameramo, koma kanafa ndisanaigule. Ndiye ndinkayeza ndi chikhatho: ndinkatambasula dzanja pamene pakhale nkhope ya munthu n'kuona mmene mthunzi ukugwera.

Chaka chimene tinavota koyamba posankha pakati pa zipani zambiri, inu mumachiwerenga m'mabuku. Mabukuwo sanena za misomali. Kale m'sitolo iliyonse, mu ofesi iliyonse, ngakhale mometera tsitsi, munkapachikidwa chithunzi cha mtsogoleri, ndipo panalibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba pake, kaya wotchi kaya kalendala. Zinthu zitasintha anthu anatsitsa zithunzi zija, ena mwachangu, ena akucheuka. Pakhoma panatsala malo oyera a ngodya zinayi, ndi msomali. Msomali wopanda kanthu umasowetsa mtendere, ana inu. Munthu ukhoza kukhala zaka makumi atatu ukuopa chithunzi, koma chikachoka umaona ngati khoma lavula.

Ndiye aliyense wokhala ndi msomali anaganiza chimodzimodzi: ngati tsopano kuli ufulu, pamenepo pakhale ine. Anabwera wogulitsa nyama, anabwera wometa, anabwera mwini chigayo wa ku Kanyenda atapalasa njinga kuchokera m'mamawa. Ndinali ndi jekete limodzi lakuda lobwereketsa, ndi telefoni yakufa yopanda chingwe imene anthu ankaigwirira kukhutu. Mukalowa m'masitolo akale kuchokera kuno mpaka ku Ngala, mupeza pakhoma amuna onenepa ndi oonda atavala jekete limodzimodzilo, onse akulankhula ndi munthu yemwe kulibe.

Chimene chinandivuta ndi nsalu yopachika kumbuyo kwa wojambulidwa. Ndinali nazo zitatu zokongola, koma chaka chimenecho mtundu uliwonse unali utatengedwa ndi chipani. Ukapachika iyi, wina akuti mukufuna anthu aziti ndine wa akutiakuti. Ukapachika inayo, wina akutuluka osatsanzika. Yakuda ankati ndi ya maliro. Pomaliza ndinazipinda zonse, ndinapaka khoma laimu, n'kumajambula anthu pakhoma loyera, poti kuyera kunalibe chipani.

Tsopano tifike kwa a Kassimu amene ali pakhoma apowo, bambo wa agogo anu aakazi. Musanyengeke ndi kumwetulirako. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene mano awo anaona dzuwa. Anali ndi sitolo ya mchere, palafini, mbedza ndi ulusi wa ukonde, ndipo makolo awo anali amalonda m'tauni muno kuyambira nthawi ya zombo za matanga. Anali munthu wamtali, wakuda bii, ndipo sankatuluka m'nyumba osavala mkanjo woyera mbee ndi mzuli woyera kumutu. Mwana wawo wamkazi, Mwanaisha, ndiye ankayeza mchere pa sikelo. Ine ndinagula mbedza m'sitolo imeneyo zokwana kumaliza nsomba zonse za m'nyanja, chonsecho ndinalibe ngakhale nkhafi. Amalume anga anapita kawiri kukagogoda pakhomopo, ndipo kawiri konse anabwerako ndi yankho limodzi lakuti tamva. Nthawi yomweyo kunali kalaliki wina wa ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, wokhala ndi njinga yamoto ndi wotchi ya pamkono, amenenso anayamba kukonda mbedza mwadzidzidzi.

Tsiku lina m'mawa a Kassimu anangotulukira pakhomo la situdiyo. Anayang'ana bowo la padenga, anayang'ana ine.

"Ndiwe Yusufu, amene ukufuna mwana wanga?"

Ndinavomera nditazyolika.

"Ndili ndi msomali umodzi ndi mwana wamkazi mmodzi. Ukadzaza msomaliwo bwinobwino, tikambirana za mwanayo. Ukalephera pofika kumapeto kwa mwezi wamawa, kalaliki uja anditengera ku Lilongwe pa njinga yake, kumene amajambula ndi magetsi. Njirayo ndi yaitali, tikambirana zambiri."

Jekete analikana, telefoni anaiyang'ana ngati khoswe wakufa. Anati avala mkanjo wawo ndi mzuli wawo, akhala pakhoma loyeralo chifukwa mchere amagula ndi anthu a zipani zonse. Anawonjezera kuti mmisiri weniweni sadula thabwa kawiri, iwo ali ndi nkhope imodzi, choncho ndidine kamodzi. Akangomva kuti khethe, adzuka.

Apa mvetsetsani, chifukwa mafoni anuwo amakubisirani zimenezi. Diso la munthu limaona choyera ndi chakuda nthawi imodzi, koma filimu imasankha mbali. Ukachepetsa kabowo kuti mkanjo uoneke bwino, nkhope yakuda imamira mumdima. Ukakakulitsa kuti nkhope ioneke, mkanjo umapsa n'kusanduka pepala lopanda kanthu. Ndiye ine ndinali ndi khoma loyera, mzuli woyera, mkanjo woyera, ndipo pakati pake nkhope ya apongozi amene anali asanandivomere. Ndinatambasula chikhatho, ndinachibweza, ndinachitambasulanso. Mkanjo uja unkawala mpaka kundipweteka m'maso, ndiye ndinauopa, ndinaika pa 11. Khethe. Anadzuka n'kumapita.

Envelopu ya zithunzi itabwera ndinachita chinthu chopusa. Chifukwa chodzikhulupirira, sindinaitsegule ndili ndekha; ndinapita nayo kusitolo n'kukaitsegulira pa kauntala, ogula ali pomwepo. Ana inu, mkanjo unatuluka bwino kuposa mkanjo uliwonse umene ndinajambulapo. Ulusi uliwonse unkaoneka, mabatani, ngakhale timaluwa tosokedwa pa mzuli. Koma pakati pa mzuli ndi kolala panali mdima wokhawokha, wopanda diso, wopanda mphuno. Mayi wina amene ankagula mchere anatchula dzina la Mulungu n'kutuluka chafutambuyo, mchere wake kuusiya pomwepo.

A Kassimu anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachitembenuza kuti aone kumbuyo kwake.

"Mkanjowu ndauzindikira," anatero. "Mwini wake ali kuti?"

Pofika nthawi ya swala, pemphero la masana kumzikiti, tauni yonse inali itamva kuti kamera ya Yusufu yajambula jini, chiwanda chenicheni, atabwereka zovala za a Kassimu. Ena ankati ayi, kamerayo yaona mtima wa munthu. Mwanaisha anabisa nkhope kuseri kwa sikelo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ulendo wachiwiri ndinati vuto ndi kuchepa kwa kuwala, ndipo ndinalakwitsa kunenera zimenezo pakhonde la telala, pamene nkhani inkafika kumsika isanathe kutuluka pakamwa. Chaka chimenecho aliyense anali atangophunzira kuti ali ndi ufulu wopereka maganizo, ndiye anabwera nawo maganizowo. Wometa anabwera ndi galasi lake lalikulu. Amayi a mandasi anabwera ndi zivundikiro za mapoto atazikwecha ndi mchenga. Mwini chigayo wa ku Kanyenda anabwera ndi galasi la galimoto limene anatola kumsewu. Tinachita ngakhale kuvota, manja m'mwamba, kuti padenga tizule malata angati. Malata atatu anapambana. Ine mwini situdiyo ndinaluza ndi voti yanga imodzi, ndipo anandiuza kuti demokalase ndi imeneyo.

A Kassimu anakhala pampando, dzuwa likuwagwera kuchokera kumwamba, anthu asanu ndi awiri akuwalozetsa kuwala kuchokera mbali zonse ngati akuwotcha chimanga. Thukuta linayamba kutsika. Maso anatsinzina mpaka kutsala timizere. Inali nyengo ya mwera, ndipo ndili pakati poyeza, mphepo inanyamula limodzi mwa malata amene tinatsamiritsa panja n'kukaligwetsera pa mpunga umene mnansi anayanika. Nkhuku zinabalalika, mwini mpunga anayamba kutukwana mtundu wanga wonse kuyambira kwa amalume, koma a Kassimu sanagwedezeke. Ulendo uno ndinaopa nkhope, ndinatsegula kabowo mpaka pa 4. Khethe.

Envelopu yachiwiriyo ndinaitsegula ndili ndekha, ndipo ndinayamba kuganizira zothawira kwa abale amene ndinali nawo kutsidya kwa nyanja. Koma a Kassimu anali ataona basi ikufika, ananditumizira uthenga. Nkhope inatuluka, inde. Inatuluka yonyezimira ngati yopakidwa mafuta ophikira, maso ali tsinzi. Koma mkanjo, mzuli ndi khoma zinasungunuka n'kukhala chinthu chimodzi. Unali mutu wokhawokha, wopanda khosi, wodulidwa pamwamba pamene panali mzuli, ukuyandama pakati pa pepala ngati dzungu pamadzi.

"Mutuwu ndauzindikira," anatero a Kassimu. "Wauika pa chiyani?"

Kalaliki uja analipo, atatsamira thumba la mchere. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuwauza mwaulemu kuti mafuta wathira kale mu njinga. Kunatsala masiku khumi ndi awiri. Ndinaopa, ana inu. Sindinaope manyazi, manyazi ndinali nditawamaliza kale. Ndinaopa kuti mtsikana uja akwera njinga yamoto ija n'kupita ku Dwangwa, ine n'kutsala ndi mbedza.

M'mawa mwake, bambo ake atapita kumzikiti, ndinalowa m'sitolo n'kupempha mbedza. Mwanaisha anati mbedza zatha, ndinazigula zonse ndine, ndingomuuza chimene chikukanika. Ndinayamba kumufotokozera ndi manambala onse kuti aone kuti ndine wophunzira, koma anandidula ndisanafike pa 8.

"Ndiye kuti nkhope ya ababa ilibe mlandu. Mkanjo ndi umene ukuwala mopitirira, inu n'kumauwonjezeranso dzuwa."

Anatenga thireyi yachitsulo yonyamulira tiyi, anaima pakhomo pamene dzuwa linkafika, n'kuipendeka pang'ono. Kuwala kunathamanga kulowa m'sitolo, kunakwera mashelefu, kukaima pa kachitini kamodzi pakona yamdima, zina zonse zili mumthunzi. Anati amachita zimenezo bambo ake akamafufuza singano za ukonde kumbuyoko. Ine wojambula wa dzina, wophunzitsidwa ku Salima, ndinangoti kukamwa yasa.

"Za mkanjo ndisiyireni ine. Inu kabwezereni malata a eni ake, ndipo musamuuze telala," anatero Mwanaisha.

Tsiku la ulendo wachitatu a Kassimu anafika atakwiya, atavala mkanjo wakale umene ankavala potsitsa katundu, wofiirira ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Mikanjo yawo yabwino inali iwiri. Wina Mwanaisha anauchapa m'mawa womwewo, winawo akuti unachoka pa chingwe n'kugwera mu ndowa ya madzi. Anafuna kubwerera, koma masiku anali atatha, ndipo iwo sanali munthu wophwanya mawu awo. Pambuyo pawo panali Mwanaisha atanyamula tiyi pa thireyi, akuti ababa achoka osamwa.

Chitseko ndinachitseka kuti maganizo a anthu atsale panja. Padenga panali bowo limodzi lokha ngati kale. Mpando ndinauchotsa pansi pa bowolo n'kuukankhira mumthunzi, kuti mkanjo ndi khoma zisalandire dzuwa. Nsalu ya padenga ija ndinaikokera pambali pang'ono kuti dzuwa litsike pamalo amodzi, pafupi ndi kamera, ndipo pamalo amenewo anaimapo Mwanaisha. Anatsitsa kapu n'kuiika pansi, anapukuta thireyi ndi chitenje, n'kuipendeka. Kuwala kunayamba kuyendayenda pa bambo ake. Kunafika pakhutu, kunadumphira pa mzuli, kunatsikira pa ndevu, kenako kunakhazikika pankhope. Koyamba ndinaona kuti munthuyo anali ndi makwinya atatu pamphumi ndi kachipsera pansi pa diso. Ndinaika pa 5.6, kamera ili pa miyendo yake itatu, ndinagwira mpweya.

"Ukundithobwa m'maso, iwe," anatero a Kassimu, n'kuyamba kutsinzina ngati ulendo uja.

Koma Mwanaisha, osagwedeza thireyi ngakhale pang'ono, analankhula motsitsa mawu.

"Ababa, yang'anani kuno. Mkanjo uja sunagwe wokha mu ndowa."

Maso anatseguka onse awiri. Anamuyang'ana mwana wawo, mkwiyo unakwera kufika pamphumi, koma m'njira unakumana ndi chinthu china, ndipo ngodya ya mlomo inawapereka. Khethe.

Anadzuka, anamwa tiyi uja chiimire, n'kuuza mwana wawo kuti akaonana kunyumba.

Tsopano mu filimu munatsala malo makumi awiri, ndipo nthawi yodikira makasitomala panalibe. Kutumiza filimu yosatha kunali ngati kutaya chakudya, ndiye ndinazungulira tauni kujambula chilichonse chimene sichinathawe. Ndinajambula mbuzi za telala. Ndinajambula njinga yanga mbali zonse ziwiri. Ndinajambula mwini mpunga uja kuti apepeseke, ndipo anavala jekete. Mwini chigayo ndinamujambulanso, telefoni ataisamutsira kukhutu linalo. Atatsala malo amodzi, ndinazungulira kuseri kwa sitolo kumene Mwanaisha ankapeta mpunga, n'kumupempha kuti aime pakhoma kanthawi kochepa chabe. Sanasiye n'kupeta komwe.

"Mukandikwatira mudzandijambula mpaka kutopa. Lero jambulani mbuzi."

Ndinajambula mbuzi.

Filimu imeneyo sindinaipereke kwa kondakitala. Ndinakwera nayo ndekha, ili m'thumba la malaya, dzanja lili pamwamba pake mpaka ku Lilongwe. Ndinauza otsuka kuti chithunzicho achikulitse, ndinachiika mu felemu, ndipo ndinafika kuno tsiku lomaliza la mwezi. Njinga yamoto ija ndinaipeza itaima pakhomo la sitolo, itayang'ana kumsewu, kalaliki atamangirira kale kapilo pampando wakumbuyo.

A Kassimu anamasula pepala lokulungira pang'onopang'ono. Mkanjo wa tiyi uja unatuluka woyera kuposa mmene unalili tsiku limene unagulidwa, mapindo ake onse akuoneka. Mzuli unali pamutu, mutu unali pakhosi, khosi linali pa munthu. Ogula anasiya kugula. Iwo anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso.

"Ndikuseka," anatero. "Amene anali pamsomali uja sankaseka."

Kalaliki anatsokomola n'kuyang'ana wotchi yake. A Kassimu anapita nacho pakhomo pamene panali kuwala, n'kuloza ndi chikhadabo.

"Nanga timadontho toyera tili m'maso mwangati ndi chiyani? Waononganso?"

Ndinawauza kuti si chilema, ndi thireyi. Chimene munthu akuchiyang'ana pojambulidwa chimatsala m'diso mwake.

"Ndi amene wagwira thireyiyo alimonso?"

Ndinati alimo, kungoti ndi wamng'ono kwambiri.

Kenako anakoka mpando, anakwera okha, anakana kuti wina awathandize, n'kukoleka chithunzicho pamsomali. Ali pamwamba pomwepo, osandiyang'ana, anati ndiwauze amalume anga abwere Lachisanu ikatha swala. Kalaliki anamasula kapilo kaja mwakachetechete. Sanali munthu woipa. Anakwatira kwina chaka chotsatira, ndipo chithunzi cha ukwati wake ndinajambula ndine, atavala jekete lija.

Zithunzi ziwiri zoyamba zija a Kassimu sanazitaye. Cha mkanjo wopanda mwini anachipachika m'chipinda chosungira katundu, ndipo ankati kuyambira tsiku limenelo sanasowenso ngakhale paketi ya machesi. Cha mutu woyandama anachiika pansi pa sutikesi, n'kumachitulutsa mwana akakana kumwa mankhwala. Iwe Amina, amayi ako anachira malungo kawiri ndi chithunzi chimenecho.

Titakwatirana, agogo anu analowa ntchito ya thireyi. Nyengo yokolola mpunga anthu ankabwera atavala zatsopano, pa Idi mzere unkafika mpaka kwa telala, ana a sukulu ankabwera akalemba mayeso, ndipo nthawi zonse iwo ankaima pansi pa bowo lija, thireyi m'manja, nthawi zina mwana kumbuyo. Ankadziwa kupeza nkhope mumdima kuposa ine. Ankadziwanso chonena kuti munthu atsegule maso; zinsinsi za tauni ino zambiri zinatulukira m'chipinda chimenecho, mphindi imodzi isanalire kamera.

Za kuwajambula iwo ndinkakumbukira, musaganize kuti ndinaiwala. Ndikati lero, filimu inali ya anthu. Ndikati mawa, kunkachita mitambo. Tsiku lina ndinawakhazika ndithu pampando, atavala chitenje chatsopano, ndipo titayang'anana anaseka n'kufunsa kuti nanga thireyi agwira ndani. Tinati tidzapeza munthu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mafoni anabwera, filimu inasowa m'masitolo, ndinabwezera lata lija padenga komaliza. Chithunzi chimene mukuchidziwa inucho, cha pa chiphaso cha boma, anawajambula ndi anthu ena atakalamba kale, ndipo anatuluka ngati akufunsidwa mlandu. Kenako anadwala, n'kutisiya. Ndinajambula boma lonse la Nkhotakota, ana inu, ndinajambula ndi mbuzi zomwe. Zimandipweteka mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake ndinanamizira chiswe.

Ndiye iwe Rashidi, ndiwe wamtali, tsitsa chithunzi cha a Kassimu. Gwira ndi manja awiri, felemuyo ndi yakale kuposa iwe. Pita nacho pakhomo pali kuwala. Amina, tsopano tenga foni yako ija, lero igwire ntchito ya nzeru. Loza diso lakumanzere, ukulitse. Pang'onopang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kadontho koyerako ndi thireyi. Kamthunzi kali pamwamba pakeko ndi mutu, ndipo ukayang'anitsitsa uona timikono tiwiri. Ndi iyeyo, Mwanaisha, asanakwatiwe, atangomaliza kuulula za ndowa.

Wamuona? Apatse anzako aone. Ayi, ine usandipatse foniyo. Ine ndimamuona ndili pompano.